Songwe: Mtsinje Umene Udasanduka Malire

M'chaka cha 1890 Angerezi ndi Ajeremani adapangana, ali kwawo ku Ulaya, kuti mtsinje wa Songwe ukhale malire pakati pa maiko amene adalanda. Palibe adafunsa Kyungu, mfumu ya Angonde, kapena Anyakyusa a tsidya linalo, anthu omvana chiyankhulo, okwatirana ndiponso olirana maliro. Ine kwathu n'ku Karonga, ndipo chimene ndapeza m'mbiri ya malire amenewa n'chakuti amatsekedwa ndi kutsegulidwa chifukwa cha milandu ya anthu akutali, koma wolipira mlandu amakhala munthu wa m'mbali mwa mtsinje.

Mu Seputembala 1914 nkhondo ya ku Ulaya idafika kwathu. Ajeremani adaoloka Songwe nathira nkhondo pa Karonga, ndipo manda a asilikali alipobe. Nkhondo itatha Tanganyika adakhala m'manja mwa Angerezi, kotero malire adafooka. M'zaka za m'ma 1930 anyamata ankangonyamuka wapansi kukafuna ntchito ku migodi ya golide ku Lupa.

Ufulu wodzilamulira ndiwo udabweza chitseko. Nduna zitasemphana ndi Dr Banda mu 1964, Kanyama Chiume ndi ena adathawira ku Tanzania. Mu 1967 Yatuta Chisiza, mwana wa ku Karonga, adaphedwa ku Mwanza atabwerera ndi mfuti, ndipo chaka chomwecho mkangano wa nyanja udabuka. Tsono aliyense wooloka Songwe ankamuyesa chigawenga. Agogo anga adandiuza kuti mchemwali wawo wokwatiwa ku Kyela atamwalira, iwo adaoloka pa bwato usiku, nabwerako kusanache, osauza ndi mnansi yemwe.

Chimene chidatsegulanso njira si chifundo ayi, koma nkhondo ina. Nkhondo ya ku Mozambique itadula njanji za ku Beira ndi Nacala m'zaka za m'ma 1980, Malawi adasowa podzera katundu. Ubale ndi Tanzania udakonzedwa mu 1985, ndipo pambuyo pake msewu wopita ku Dar es Salaam udadzera pa mlatho wa Songwe. Amayi ambiri adayamba kuphunzitsa ana ndi malonda a pakati pa Karonga ndi Kyela.

Komabe chitseko sichidazulidwe. Mu 2020 mliri wa korona udachititsa kuti anthu aletsedwe kuoloka, pamene malole a katundu ankadutsa. Mu Malichi 2025 boma la Malawi lidaletsa zakudya zina zochokera kunja, ndipo mu Epulo Tanzania adabwezera. Maboma adamvana pasanapite nthawi yaitali, koma nthochi zimene zidaolera pa malire palibe adazibweza, ndipo mpamba wa mayi wogulitsa sudikira zokambirana.

Anzanga, sindikunena kuti malire achotsedwe, pakuti dziko lili ndi udindo woteteza anthu ake ku matenda ndi kwa akuba. Koma tizikumbukira kuti Songwe mwini wake amasintha njira akadzaza, mwakuti munda umene chaka chatha udali ku Malawi, chaka chino upezeka ku Tanzania. Mlimi wa munda wotere sangaleke kuoloka. Lamulo likalimba amangosiya mlatho n'kudzera pa dooko la usiku. Choncho amene akonza malamulo ku Lilongwe ndi ku Dodoma ayenera kuchita chimene atsamunda sadachite mu 1890: kufunsa eni mtsinje asanatseke.