Kapu ya nyanga ya msilikali

Aphunzitsi anzanga, ndi inu amene munadutsa m'kalasi mwanga, lero tikambeko za kapu ya nyanga ya ng'ombe. Tikamaphunzitsa nkhondo timakonda akuluakulu ankhondo ndi mapangano. Ine ndimakonda kufunsanso kuti: msilikali wamba ankamwera chiyani?

Tipite ku North America, pa nkhondo ya Angerezi ndi Afalansa ya 1754 mpaka 1763. Ambiri mwa asilikali amene Angerezi analemba kumeneko anali alimi, ndipo nkhondo itangoyamba ziwiya zinali zoperewera. Koma ng'ombe zinkaphedwa pamsasa kuti adye, choncho nyanga zinalipo. Munthu ankadula chigawo cha nyanga, n'kuchiwiritsa kuti chifewe, n'kuchipala ndi mpeni. Kunsi ankatsekako ndi kathabwa kapena kachidutswa kena ka nyanga. Nyangayo ikazizira inkafinya kachidutswako, osadonthanso. Kapu yotere ndi yopepuka, sichita dzimbiri, ikagwa sisweka. Vuto lake ndi madzi otentha kwambiri, amaifewetsa. Koma pa mowa wa ramu umene ankagawiridwa inali yokwana.

Luso lenileni linali pozokota. Nthawi yambiri ya msilikali imathera podikira, osati pomenyana. Ndiye ndi nsonga ya mpeni ankalembapo dzina, chaka, malo, zombo, mbalame, n'kupakamo mwaye kuti mizere ioneke. Ankachita zomwezo pa nyanga zosungiramo onga wa mfuti zawo za gogodela, ndipo nyanga zimenezi n'zimene zatsala zambiri kuposa makapu. Pa izo dzina linali lofunikadi, poti nyanga zikatengedwa kukathiridwa onga, aliyense ankafuna yake ibwerere.

Mmodzi mwa akatswiri oyambirira anali John Bush, munthu wakuda koma mfulu, wa ku Shrewsbury m'dera la Massachusetts. Mu 1755 ndi 1756 anazokotera anzake nyanga za onga kufupi ndi nyanja ya Lake George, ndi zilembo zokongola zimene ena anatengera. Mu Ogasiti 1757 gulu la Montcalm linalanda linga la Fort William Henry, ndipo Bush anagwidwa. Sanabwererenso kwawo. Mabuku athu a sukulu samutchula n'komwe, zimene ndimaona kuti n'kulakwa. Nyanga zake zingapo zilipobe, zili ndi mayina a asilikali anzake amene anawalembera.