Thangata anali chithandizo cha ndani?

Agogo anga aakazi akamatchula thangata ankatsitsa mawu ngati pali wina akumvetsera kuseri kwa nyumba. Ndinakulira m'mudzi wopanikizika pakati pa minda ya tiyi ku Thyolo, kumene munda wa banja lonse umapaliridwa m'mawa umodzi pamene tiyi wa pa esiteti amapitirira mpaka maso kutopa. Nditafika ku koleji ndinakumana ndi mawu omwewa m'mabuku, koma atavala jekete ndi tayi.

Mphunzitsi wathu wa mbiri yakale anatipatsa zolemba zitatu zokamba za malo a ku Thyolo: china cha akatswiri a malamulo, china cha a zachuma, chachitatu cha wolemba mbiri. Anatiletsa kuyamba ndi funso loti woona ndi uti. Anati tiyambe tafufuza kuti wolemba akulankhula kwa yani, akufuna owerenga avomere chiyani, ndipo m'ziganizo zake amene akuchita zinthu ndi ndani. Tinang'ung'udza kuti izi ndi za anzathu a Chingerezi. Tinalakwa.

Tiyambe ndi liwu lenilenilo. Kuthangata ndi kuthandiza, monga mnansi akabwera ndi khasu kumunda kwako, mawa iwenso n'kupita kwake. Azungu a maesiteti analitenga liwuli n'kulipachika pa ntchito imene munthu ankagwira mokakamizidwa ngati lendi ya malo amene wamangapo nyumba. Liwu lokoma linaphimba chinthu chowawa. J.A.K. Kandawire analemba buku mu 1979 lomwe mutu wake womwe ndi funso loti thangata anali ntchito yokakamiza kapena kuthandizana.

Zolemba za malamulo zimayambira pa zikalata za Certificate of Claim zomwe Harry Johnston anayamba kupereka kwa azungu mu 1892. Kwa loya, mbiri ya malo imayamba tsiku limene pepala lasainidwa. Zikalatazo zinali ndi ndime yoteteza midzi yomwe inalipo kale, koma Alhomwe ochokera ku Mozambique, omwe anafika pambuyo pake, ndimeyo sinawakhudze. Iwowa ndiwo anasenza thangata kwambiri. Lamulo la 1928 la anthu okhala pa maesiteti linati lendi itha kulipidwa ndi ndalama, ntchito kapena mbewu, ndipo linalola mwini esiteti kuchotsa ena mwa anthuwo zaka zisanu zilizonse. Mukaliwerenga mwaulesi, limamveka ngati pangano la anthu awiri ofanana mphamvu.

Wa zachuma naye ali ndi chizolowezi chake. Amakonda msintho wochitidwa, uja tinaloweza kusekondale: tiyi anadzalidwa, nkhalango inaswedwa, zokolola zinatumizidwa ku London. Anadzala ndani? Chiganizo sichinena. Munthu amangotulukira ngati vuto, pamene wolemba akudandaula kuti antchito ankasowa nyengo ya dzinja. Chifukwa chake n'chodziwikiratu kwa aliyense wakumudzi: miyezi imene tiyi amaphukira kwambiri ndi yomweyo imene chimanga chimafuna kupalira ndi kubandira. Agogo akanamuuza zimenezi popanda digiri.

Ndisaname, wolemba mbiri nayenso si mngelo. Robin Palmer atalemba za antchito a m'minda ya tiyi a zaka za 1930 mpaka 1953, anaika antchitowo pamalo a mwininkhani, ndipo ine ndimakonda zimenezo. Komabe uku ndi kusankha, ndipo umboni wambiri wa nthawi imeneyo uli m'makalata a mabwana ndi a boma lachitsamunda. Onani za mu Ogasiti 1953, pamene mkangano wa malalanje pa esiteti ina kufupi ndi Luchenza unayatsa moto womwe unafalikira m'chigawo chakummwera, anthu 11 n'kufa. Wina akalemba kuti "zipolowe", wina "kuukira thangata ndi chitaganya", aliyense waweruza kale mlanduwo ndi liwu limodzi.

Thangata anathetsedwa mu 1962, koma kalembedwe kaja kadakali moyo. Lero munthu akalima chigawo cha esiteti chimene chagonera zaka, malipoti amamutcha wolowerera malo. Mwina palamulo ndi zoona. Koma lipoti loyambira pa lizi ya kampani ndi lipoti loyambira pa manda a agogo ake a munthuyo sangathere pamodzi, ndipo olemba malipotiwo mawa ndi ife amene tikuphunzira zamalamulo, zaulimi ndi zamalo.

N'chifukwa chake ndimadandaula kuti phunziro lathu la kalembedwe la chaka choyamba linathera pa mipumiro ndi kandandalikidwe ka mabuku kumapeto kwa nkhani. Ndikadakonda wophunzira zaulimi apatsidwe ndime ya lipoti la tiyi, adule mzere kunsi kwa mneni aliyense, kenaka alembe pambali dzina la amene anagwira khasu. Ine ndinayesa pa nkhani yanga ya chaka chachiwiri yokamba za mudzi wathu womwe. Pa tsamba loyamba ndinapeza kuti ndinalemba kawiri konse kuti anthu "anasamutsidwa", osatchula amene anawasamutsa.