Chandamale, Chipolopolo ndi Thumba

Anzanga ena a ku Area 3 amati kuombera chandamale ndi maseŵera a anthu olemera. Ine ndimati zimatengera chipolopolo chimene wasankha, ndipo mbiri ikundivomereza.

M'chaka cha 1901 boma la atsamunda lidakhazikitsa gulu limene pambuyo pake lidatchedwa Nyasaland Volunteer Reserve. Poyamba linali kalabu chabe ya azungu oombera chandamale, opanda ndi yunifomu yomwe. Koma mu 1915 gulu lomwelo lidathandiza kugonjetsa a John Chilembwe, amene anyamata ao adachita kukathyola nyumba ya zida ku Mandala chifukwa chosoŵa mfuti. Choncho maseŵera aja sanali maseŵera wamba ai.

Mfuti imene agogo athu adanyamula mu King's African Rifles inali ya .303: chipolopolo chachikulu, wonga wambiri, ndipo ikalira imakankha phewa. Ku Britain adaona kuti munthu wamba sangakwanitse kugula zipolopolo zotere pongophunzirira, motero nkhondo ya Mabunu itatha mu 1902, makalabu ambiri adatsata .22, kachipolopolo kamene kadayamba ku America mu 1887. Wonga wake ngwochepa, mtengo wotsika, phokoso pang'ono. Mpaka lero ku Olympics, pa mtunda wa mamita 50, amaombera komweko.

Tsono mukafuna kuyamba, pezani kaye chilolezo ku polisi, kenaka sankhani .22 basi. Chandamale ndi pepala chabe, abale, sichilira chipolopolo chophera njati.