Ndani Anasankha Ndime ya Lero?

Mukakumana pa gulu lanu la achinyamata, kaya ndi pansi pa mtengo wa mango kwa Tembwe kaya m'tchalitchi pa boma la Chama, pamakhala mmodzi amene amatsegula Baibulo, nawerenga ndime ya tsikulo, nanenapo mawu owerengeka musanapemphere. Sizitenga ndi mphindi khumi zomwe. Ena mwa inu mumayesa kuti mwambo umenewu anauyamba ndi abusa kapena akatekisiti a masiku ano. Ayi ndithu. Ndi wakale kuposa mpingo wanu, ndipo mizu yake ili kwa Ayuda.

Tsegulani Nehemiya mutu 8. Zaka zoposa 400 Yesu asanabadwe, Ayuda amene anabwerera kuchokera ku ukapolo wa ku Babulo anasonkhana pabwalo mu Yerusalemu. Ezara anakwera pa nsanja ya mitengo nawerenga Chilamulo cha Mose kuyambira m'mamawa kufikira dzuwa lili paliwombo, Alevi akumasulira kuti anthu amvetse. Pa chikondwerero chimene chinatsatira, kuwerengako kunachitika tsiku ndi tsiku, masiku asanu ndi awiri. Zinthu ziwiri zimene mumachita pa gulu lanu zili pomwepo: kuwerenga, ndi kufotokoza.

Masiku amenewo kunalibe munthu wamba amene anali ndi Baibulo m'nyumba. Malembo ankalembedwa pamanja pa zikopa, ndipo mpukutu umodzi unali chuma cha mudzi wonse. Tsono Ayuda anagawa mabuku asanu a Mose m'zigawo kuti aziwerengedwa m'sunagoge pang'onopang'ono mpaka atathe. A m'dziko la Israele ankamaliza pa zaka zitatu kapena kupitirirapo pang'ono. A ku Babulo ankamaliza pa chaka chimodzi, ndipo njira yawoyi, ya zigawo 54, ndi imene Ayuda ambiri amatsata mpaka lero. Amawerenga pa Sabata, komanso Lolemba ndi Lachinayi m'mawa. Pa Sabata amawonjezera ndime ya m'buku la mneneri. Tsiku limene amamaliza Deuteronomo, amayambanso Genesis nthawi yomweyo, osagoneka.

Taonani chinthu chimodzi pamenepa. Wowerenga Chilamulo sasankha yekha. Ikafika sabata ya Levitiko, ndi malamulo ake a nsembe ndi a khate, amawerenga Levitiko, afune asafune. Zimenezi zikusiyana kwambiri ndi mavesi amene timatumizirana pa foni masiku ano, omwe pafupifupi onse ndi a madalitso ndi chipambano. Ndani wa inu analandirapo pa WhatsApp ndime ya Amosi yodzudzula amalonda a miyeso yonyenga? Munthu akamadzipatulira yekha ndiwo amatenga minofu yokhayokha.

Yesu anakulira m'mwambo umenewu. Pa Luka mutu 4 ali m'sunagoge wa ku Nazarete, anamupatsa mpukutu wa Yesaya, nawerenga mizere yochepa, nakhala pansi kufotokoza. Pa Machitidwe mutu 13 Paulo anapemphedwa kulankhula atatha kuwerenga Chilamulo ndi Aneneri. Akhristu oyamba anangopitiriza zimene anazolowera. Cha m'ma 150, Justin, amene pambuyo pake anaphedwera chikhulupiriro ku Roma, analemba kuti Lamulungu ankawerenga zolemba za atumwi kapena za aneneri, kenaka wotsogolera ankalangiza anthu. Patapita zaka pafupifupi 400, Benedict wa ku Italy anakonza kuti amonke ake azimaliza Masalimo onse 150 sabata iliyonse. Onsewa analibe manambala a mitu ndi mavesi amene inu mumadalira. Mitu inagawidwa m'zaka za m'ma 1200, ndipo mavesi a Chipangano Chatsopano anaikidwa ndi wosindikiza mabuku Robert Estienne mu 1551.

Nanga kandime kafupi ka tsiku lililonse, koti munthu apite nako kumunda? Kameneka kali ndi kwawo. Ku Germany kuli kamudzi kotchedwa Herrnhut, kumene othawa kwawo chifukwa cha chipembedzo, a mpingo wa Moravian, anapatsidwa malo ndi mwini munda Zinzendorf. Madzulo a pa 3 May 1728 iye anapatsa mpingo mawu ochepa oti uwasunge tsiku lotsatira. Posakhalitsa chinakhala chizolowezi: m'mawa uliwonse mbale mmodzi ankayenda khomo ndi khomo kunena mawu a tsikulo, monga momwe asilikali amauzirana mawu achinsinsi odziwirana usiku. Mu 1731 anawasindikiza m'kabuku ka chaka chonse, ndipo kabukuko kakhala kakutuluka chaka ndi chaka osadukiza, pa nkhondo ndi pa mtendere. Lero kali m'zinenero zoposa 50. Kakonzedwe kake nkochititsa chidwi. Vesi loyamba ndi la m'Chipangano Chakale, ndipo amalipeza pochita maere, kuti pasakhale munthu wokondera. Kenaka amafuna vesi la m'Chipangano Chatsopano logwirizana nalo. Malembo a Ayuda amayamba, a Akhristu nkuyankha. Akatolika nawo, kuyambira mu 1969, ali ndi ndondomeko ya zaka zitatu imene inabwezera Chipangano Chakale pa Misa ya Lamulungu, kumene kale chinkamveka mwa apo ndi apo.

Tsono tibwere kwathu kuno ku chigwa cha Luangwa, chimene akale ankachitcha Marambo. Kuwerenga Malembo sikunatifike kudzera ku Lusaka kapena ku Chipata. Kunatsika mapiri kuchokera kum'mawa, ku dziko limene lero ndi Malawi. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1890, mmishonale wa Livingstonia, Donald Fraser, anachoka ku Ekwendeni nayendera Asenga. Anawapeza akukhala m'midzi ya malinga, pakuti anali atatopa ndi nkhondo, ndipo ena mwa amene ankawathira nkhondowo anali Angoni. Pambuyo pa ulendowo, Akhristu a ku Ungoni anadzipereka kutsikira ku chigwa, ndipo masukulu anatsegulidwa kwa Kambombo, kwa Tembwe ndi kwa Chikwa. Taganizani mmene agogo a nthawiyo anamvera poona ana a anthu amene ankabwera ndi zishango akubwera ndi masileti. Aphunzitsiwo anayenda masiku angapo wapansi, kusiya mphepo yozizira ya kwawo kudzakhala m'dziko lotentha, la malungo ndi zilombo.

Sukulu ya pamudzi inali tchalitchi chomwe, ndipo mphunzitsi anali mlaliki. Amishoni a Livingstonia ankalimbikira kuti wofuna ubatizo, makamaka wachinyamata, adziwe kuwerenga, kuti asamangodalira pakamwa pa mzungu. Koma awerenge chiyani? Apa ndi pamene nkhani yathu ikuwawa. Poyamba panali timabuku tating'ono chabe, Uthenga Wabwino umodzi kapena zigawo zina. Chipangano Chatsopano cha Chitumbuka, chinenero chimene chili pafupi ndi Chisenga, chinatuluka mu 1911. Mu 1922, chaka chimene misheni ya Chasefu inatsegulidwa kufupi ndi Lundazi, kunatuluka Buku Lopatulika, Baibulo lathunthu la Chinyanja, limene William Murray ndi anzake, azungu ndi akuda, analigwirira ntchito zaka zoposa makumi awiri. Linali dalitso lalikulu kwa Achewa, koma kwa mayi wa kwa Chifunda amene sanapitepo ku Fort Jameson, Chinyanja chinali chinenero cha eni ake.

Kotero Akhristu oyamba a kuno anafanana ndi Ayuda a m'sunagoge kuposa mmene akufanana ndi inu. Buku linali limodzi, la mphunzitsi. Munthu ankamva ndime m'mawa, naisunga m'mutu, napita nayo kumunda kapena kumtsinje. Nkhani za Abrahamu, Yosefe ndi Davide ankazidziwa ndithu, koma makamaka mozimva kwa aphunzitsi. Wofuna kudziwerengera yekha Chipangano Chakale chonse, chimene ndi pafupifupi magawo atatu mwa magawo anayi a Baibulo, ndiponso ndicho Malembo okhawo amene Yesu ankawerenga, anayenera kuyamba waphunzira Chinyanja kapena Chingerezi.

Baibulo lathunthu la Chitumbuka linatuluka mu 1957. Tawerengerani nokha. Mnyamata amene anali ndi zaka khumi pamene sukulu yoyamba inatsegulidwa kwa Kambombo, ngati Mulungu anamusunga, analigwira m'manja Baibulolo ali nkhalamba ya zaka pafupifupi 70, maso atayamba kale kuchita chidima.