Nsomba ya trout pa Phiri la Mulanje

Trout ndi nsomba ya m'madzi ozizira. Mtundu wa rainbow, wochokera ku North America, atsamunda anauika m'mitsinje ya pamwamba pa mapiri a Mulanje, Zomba ndi Nyika. Anthu a ku Milange, tsidya lina la malire, phiri la Mulanje amaliona tsiku ndi tsiku, koma nsombayi sakumana nayo: madzi a mitsinje ya Muloza ndi Ruo akatsikira kuchigwa amafunda, ndipo trout imavutika akapitirira madigiri 20. Ena oiwedza mwamasewera sagwiritsa ntchito nyongolotsi. Pambedza amamangapo nthenga ndi ulusi kuti zioneke ngati kachilombo kogwera m'madzi, n'kuponya ndi chingwe cholemerako. Trout imaswana m'miyezi yozizira. Chimodzi mwa zoiopseza ndi kudula mitengo, pakuti mtsinje wopanda mthunzi umatentha n'kudzaza matope.