Kasikulu ka pamwamba pa mashini ya a telala

Mashini yosokela imene Elias Howe analembetsa ku America mu 1846 inalibe phazi. Nyula anali kuipachika choimilila pa tumisomali twa kachitsulo, ndipo akasoka pang'ono anali kuima, kuichotsa n'kuipachikanso. Tangoganizani kusoka yunifomu mwa njila imeneyo mu Januwale, makolo ali pa mzele.

Mu 1851 Isaac Singer anagoneka nyula pa tebulo, n'kuika kaphazi ka chitsulo koipanikiza. Mu 1854 Allen Wilson analembetsa mano aja a pansi, amene amakwela, kukoka nyula, kutsika, n'kubwelela. Mpaka lelo msoko umadalila ziwilizi: mano akoka, phazi ligwila. Mphamvu ya phazi ili pa kasikulu ka pamwamba pa mutu wa mashini, kumanzele, kamene kamapanikiza sipuling'i mkati. Ambili a ife sitinakagwilepo.

Mashini zakuda za Singer zimene tinapeza kwa ambuya, zambili zinachokela ku Scotland, ku fakitale ya Kilbowie mu Clydebank, imene inatsekedwa mu 1980. Mukaona K pa nambala, monga 15K kapena 31K15 ya matelala, ndiye kwawo kumeneko. Pambuyo pake kunabwela za ku Japan, Juki ndi Brother, zothamanga ndi mota.

Titalandila ufulu mu 1964, dziko linafuna kudziveka lokha. Kunali Kafue Textiles, kenaka Mulungushi Textiles ku Kabwe yomangidwa ndi thandizo la China, ndipo ku Livingstone kunali mafakitale ambili osoka zovala. Mu fakitale mashini imodzi imagwila nchito imodzi. Wosoka makolala asoka makolala tsiku lonse, nyula imodzimodzi, ndipo kasikulu kaja ndi nkhani ya makanika. Pambuyo pa 1991 boma la Frederick Chiluba linatsegula msika, mabelo a salaula anadzaza matauni, mafakitale ambili anatseka.

Kusoka sikunathe. Kunasamukila m'misika ndi pa makhonde a mashopu, ku Kamwala, ku Soweto, ku Chisokone mu Kitwe, ndipo salaula yomweyo inabweletsa nchito yochepetsa ndi kufupikitsa. Manje telala mmodzi ndiye wosoka, ndiye makanika. M'mawa afupikitsa jinzi, masana bulauzi ya shifoni, madzulo chitenge cha ku kitchen party, zonse pa mashini imodzi yakale.

Apa m'pamene kasikulu kamadyetsa kapena kulusitsa ndalama. Mukakazungulutsa monga mmene koloko imayendela, phazi limapanikiza kwambili, mukakabweza, limapepuka. Pa mashini zambili za mota pali kanati kokhoma: masulani kaye, mukatha mangani, chifukwa kunjenjemela kwa mota kumakasuntha. Jinzi ndi tenti zifuna mphamvu. Ikachepa, nyeleti pokwela imanyamula nyula, msoko ulumpha, ndipo pa mpendelo wokhuthala mashini ingopondaponda pamalo amodzi. Nyula yopepuka ifuna zochepa. Mukapanikiza kwambili, mano amasiya zipsela pansi, msoko ukwinyika, ndipo nyula ya pamwamba imatsala pamene ya pansi yapita, mwakuti pofika kumapeto mbali imodzi yatalika. Kasitomala sadziwa dzina la vutoli. Amangoona kuti siketi yapotoka, sabwelanso.

Chimene chimatidabwitsa n'chakuti msoko ukavuta, dzanja limathamangila ku tenshoni ya kotoni. Tizungulutsa uku, tizungulutsa uko, tisintha nyeleti, ena mpaka kunyamula mutu wonse kupita nawo kwa makanika. Yambani ndi kachidutswa ka nyula yomweyo, kopinda monga mudzasokela, zungulutsani kasikulu kamodzi kokha, sokani, yang'anani pansi ndi pamwamba. Ngati mwakamanga mpaka kumapeto koma phazi likali lofooka, sipuling'i yatopa kapena mafuta akale auma pa chitsulo chonyamula phazi. Chipukuteni, donthezani mafuta a mashini, osati saladi, muyesenso.