Mbiri ya Kusuluka kwa Zithunzi

Vuto la kusuluka kwa zithunzi ndi lakale ngati luso lojambula lomwe. M'chaka cha 1850, Louis Blanquart-Evrard wa ku France anayambitsa pepala lopakidwa choyera cha dzira. Zithunzi zake zinkawala bwino, koma zambiri zinkachita chikasu pasanathe zaka zingapo. Mu 1855 bungwe la ojambula ku London linasankha komiti yofufuza nkhaniyi, ndipo inapeza kuti mankhwala otsalira m'pepala potsuka, chinyezi ndi mpweya woipa wa m'tawuni ndizo zinkadya zithunzi.

Zithunzi zamitundumitundu, monga za Kodacolor zomwe zinayamba mu 1942, nazonso zinkasuluka. Henry Wilhelm wa ku Iowa anaziyesa kwa zaka zambiri, nafalitsa zotsatira m'buku lake la mu 1993.

Makina a inkjet, amene amalavula timadontho ta inki papepala, anabweretsa vuto lakalelo m'njira yatsopano. Inki yoyamba inali ya utoto wosungunuka m'madzi, wokongola koma wosalimba pa dzuwa. Phunziro lowawa linadza mu 2000, pamene zithunzi zina zosindikizidwa pa Epson Stylus Photo 870 ndi 1270 zinayamba kusanduka za olenji pasanapite nthawi. Mpweya wa ozoni unkawononga utoto wabuluu, n'kusiya wofiirira ndi wachikasu.

Mlandu waukulu unali wa pepala. Pepala lonyezimira limene zithunzizo zinasindikizidwapo linali ndi timabowo tosaoneka ndi maso, timene timayamwa inki kuti iume pompopompo. Koma timabowo tomweto sititsekeka, ndiye mpweya umalowa n'kufika pa utoto. Pepala la mtundu wina lili ndi chokutira chofufuma chikanyowa, chimene chimameza utoto n'kuutsekera mkati ngati nyerere yogwidwa mu utomoni. Limachedwa kuuma ndiponso limaopa madzi, komabe utoto umakhalitsamo.

Chaka chomwecho cha 2000 Epson inatulutsa makina a 2000P, a inki ya timiyala tosalala tosasungunuka. Inki yotere, ikaikidwa papepala la thonje lopanda asidi n'kutetezedwa ndi galasi, imapirira kwambiri kuwala ndi mpweya. Pepala loyera mbee silodalirika kwenikweni, chifukwa mankhwala oliyeretsa amatha mphamvu, pepalalo n'kuyamba kuchita chikasu ngakhale inki ili bwinobwino.